Lodebara Sanali Cipululu

Atsogoleri a makalasi, dzina la Lodebara lamveka m'maulaliki ambiri, ndipo pafupifupi onse amalimasulira mofanana. Amati ndi "malo opanda msipu" kapena "malo opanda mau", dziko louma la anthu oiwalika, kumene Mefiboseti mwana wa Yonatani anabisala kufikira Davide anamuitana kuti azidya pa gome la mfumu. Ulalikiwo ndi wokoma m'khutu, ndipo mpingo umavomera ndi Ameni wamphamvu. Koma ife nchito yathu ndi kuphunzitsa anthu kuwerenga zimene zinalembedwa, ndiye tiyeni tiuyese ndi zilembo zake zomwe.

Ahebri akale ankalemba makonsonanti, mavawelo ai. Timadontho toonetsa mavawelo tinadzaikidwa ndi alembi ochedwa Amasorete patapita zaka mazana ambiri Yesu atabadwa. Yesani pa bolodi: lembani L ndi M basi, muuze ophunzira awerenge. Wina adzati lima, wina luma, wina lema. Ndi mmene zilili ndi D-B-R m'Cihebri. Tingawerenge dabar, ndiye mau kapena cinthu. Dober, ndiye msipu. Kapena deber, ndiye mliri. Kacigawo koyamba kaja, "lo", nakonso sikakhazikika. Pa 2 Samueli 9:4-5 kanalembedwa ndi cilembo ca vav, monga mau akuti "kwa iye" kapena "cake", pamene pa 2 Samueli 17:27 kanalembedwa ndi alefi, monga mau akuti "ai". Pa Yoswa 13:26 pali dzina lakuti Lidebiri, limene akatswiri ambiri amati ndi mudzi womwewo. Mudzi umodzi, kalembedwe katatu! Mlaliki amene anena kuti "opanda msipu" wasankha njira imodzi mwa zingapo, koma sanatiuze kuti wasankha.

Tsono cimene citidetsa nkhawa kwambiri ndi cakuti ulalikiwu umafafaniza munthu. Mefiboseti anapunduka miyendo ali ndi zaka 5, mlezi wake atamugwetsa pothawa, itamveka mbiri ya imfa ya Sauli ndi Yonatani. Ku Lodebara sanali kugona pa msewu. Anali m'nyumba ya Makiri mwana wa Amiyeli. Taganizani, kusunga mdzukulu wa mfumu yogonja pamene pa mpando pakhala wina, si nkhani yamasewera. Makiri yemweyo timampezanso pa caputala 17, Davide akuthawa mwana wake Abisalomu. Iye pamodzi ndi Sobi ndi Barizilai anafika ku Mahanaimu ndi zogonera, miphika, tirigu, barele, ufa, nyemba, uci, zamkaka ndi nkhosa. Inde, lembalo silisiyanitsa kuti uyu anabwera ndi ici, uyo ndi ico, ndipo amene amuchula kuti anali wolemera kwambiri ndi Barizilai. Komabe wosauka wa m'cipululu sakanawerengedwa pa gulu lodyetsa asilikali a mfumu. Josephus, wolemba mbiri Waciyuda, anamuchula Makiri ngati munthu wamkulu wa m'Gileadi. Nanga dera la Gileadi, kutsidya kwa Yordano, si lija ana a Rubeni ndi Gadi analipempha kwa Mose pa Numeri 32 cifukwa linali labwino kwa ziweto? Msipu unalipo ndithu.

Kuno kwathu nkhani iyi siifuna kumasulira kwambiri. Ambiri mwa ophunzira athu acikulire a ku Angónia anasungidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo isanathe mu 1992. Anaona mavuto, eetu, koma amadziwanso maina a eni midzi amene anawapatsa pomanga ndi polima. Kuwauza kuti malo othawirako ndi malo acabe ndi kuwaphunzitsa kuiwala Makiri wao.

Sitikunena kuti masewera a mau mulibemo m'dzinali. Alimo, koma ali m'buku lina, ndipo aloza kwina. Mneneri Amosi, m'masiku a Yerobiamu waciwiri, zaka za m'ma 700 Yesu asanabadwe, anaona Aisraeli akudzitama kuti alanda Lodebara ndi Karinaimu. Pa Amosi 6:13 dzinalo lili ndi mavawelo a dabar, kotero kuti limveka ngati "palibe kanthu", ndipo Karinaimu ndi "nyanga ziwiri", cizindikiro ca mphamvu. Mabaibulo ena, monga King James ya Cingerezi ya mu 1611, anamasulira tanthauzo lokha, maina a midzi n'kusowa, ndipo wowerenga sadziwa n'komwe kuti pali midzi iwiri pamenepo. Amosi sanali kunyoza anthu a ku Lodebara. Anali kuseka akulu a ku Samariya okondwerera cigonjetso cimene sicikanakhalitsa, ndipo vesi lotsatira liwacenjeza za mtundu wina umene udzawapsinja. Pa 2 Mafumu 15:29 timawerenga kuti Tigilati-Pilesere, mfumu ya Asuri, analanda Gileadi natenga anthu ake ukapolo. Izi zinacitika ca m'ma 733 Yesu asanabadwe.