Chizungulire cha mutu waching'alang'ala: kuunika ndondomeko ya 2012

Mu 2012, mabungwe awiri, Bárány Society la akatswiri a chizungulire ndi International Headache Society la akatswiri a matenda a mutu, adatulutsa chikalata m'magazini ya Journal of Vestibular Research. Chikalatachi, chomwe Thomas Lempert wa ku Berlin adatsogolera polemba, chimafotokoza mmene wachipatala angadziwire kuti chizungulire cha munthu chikuchokera ku mutu waching'alang'ala, matenda omwe madokotala amawatcha vestibular migraine. Atachiunikanso mu 2022, mfundo zake sadazisinthe.

Mfundozo zilipo zinayi. Wodwala akhale kuti chizungulire champhamvu ndithu, chosokoneza ntchito zake, chamugwirapo kasanu kapena kuposa, ndipo nthawi iliyonse chimatenga pakati pa mphindi 5 ndi maola 72. Akhale kuti amadwala kapena adadwalapo mutu waching'alang'ala. Pa theka la maulendo amene chizungulirecho chabwera, kapena kuposa, pakhale chizindikiro cha ching'alang'ala: mutu wa mtundu umenewo, kudana ndi kuwala ndi phokoso, kapena kuona zothwanimathwanima m'maso. Yachinayi ndi yakuti pasakhale matenda ena amene angafotokoze bwino vutolo.

Chimene chikalatachi chidachita bwino n'chakuti sichidakakamize kuti mutu uzipweteka pa nthawi ya chizungulire. Odwala ambiri amamva chizungulire mutu uli bwinobwino, ena patapita zaka mutuwo utasiya kuwavutitsa. Mayi amene ankadwala ching'alang'ala ali mtsikana akhoza kubwera ali ndi zaka za m'ma 50 akudandaula kuti nyumba ikuzungulira, osatchulako za mutu, chifukwa iye saona kuti ziwirizi n'zogwirizana. Wachipatala akapanda kufunsa, mayiyo amabwerera ndi panado basi.

Umboni wa kugwirizanaku udachokera kwambiri ku Germany. Mu 2001, Hannelore Neuhauser ndi anzake adalemba m'magazini ya Neurology kuti mwa odwala 200 a kukiliniki ya chizungulire, 38 pa 100 alionse adali ndi mutu waching'alang'ala, pomwe mwa odwala 200 a kukiliniki ya mafupa, ofanana nawo msinkhu, adali 24 pa 100 alionse. Mu 2006 gulu lomweli lidafunsa anthu wamba pa telefoni, n'kupeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse adadwalapo matendawa. Mwa amene adapita nawo kwa dokotala, mmodzi yekha mwa asanu ndiye adauzidwa dzina lolondola la matenda ake. Ngati zinkatero m'dziko la akatswiri ambiri, n'zomveka kuti ndondomeko yolembedwa inkafunika.

Koma palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kumasonyeza matendawa. Ndondomeko yonse yatsamira pa mawu a wodwala, ndipo apa ndi pamene wowerenga wa kuno ayenera kusamala. Olemba chikalatachi amasiyanitsa kumva ngati iwe kapena malo akuzungulira, ndi kumva mutu kupepuka kapena mdima m'maso ukaimirira msanga. Choyambacho chimawerengedwa, chachiwiricho ayi. M'Chichewa zonsezi ndi chizungulire. Wanjala, wochepa magazi, amene akufuna kukomoka pa dzuwa ndi amene denga likumuzungulira atagona, onse adzanena liwu lomweli pakhomo pa chipinda choonera odwala. Chikalatachi sichithandiza pamenepa, chifukwa chimaganiza kuti wofunsa ali ndi nthawi ndiponso mawu osiyanitsira. Wachipatala ayenera kudzipangira mafunso ake: kodi zinthu zimazungulira kapena mumangofooka? Zimayamba mukadzuka, mukatembenuka pa mphasa, kapena mutangokhala? Mumathawira m'nyumba ya mdima? Ndi liwu lakuti ching'alang'ala n'chimodzimodzi. Anthu ena amatcha choncho mutu uliwonse woopsa, choncho kumva dzinalo sikukwanira kutsimikiza mfundo yachiwiri popanda kufunsa za nseru, kuwala, phokoso ndi kutalika kwa nthawi imene mutuwo umapweteka.

Mfundo yachinayi ndi chiganizo chimodzi chokha, koma ndiyo yasenza katundu yense. Matenda amene chikalatachi chimakambapo kwambiri pofuna kusiyanitsa ndi a m'kati mwa khutu ndi a ubongo, monga momwe amaonekera kukiliniki ya akatswiri. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi mndandandawo umayambira kwina: malungo, kuchepa magazi, kuthamanga kwa magazi, shuga kutsika, mimba, ndi mankhwala. Quinine amaliza makutu ndi kuchititsa chizungulire. Gentamicin ndi streptomycin akhoza kuwononga mbali ya khutu imene imathandiza munthu kuima bwino, ndipo nthawi zambiri kuwonongekako sikubwerera. Efavirenz amadziwika ndi chizungulire makamaka masabata oyamba. Popeza mutu waching'alang'ala ndi wofala, munthu akhoza kukhala nawo n'kukhalanso ndi chizungulire cha chifukwa china. Kungolumikiza ziwirizi chifukwa zakumana mwa munthu mmodzi ndi kulakwitsa kumene ndondomekoyi ingabweretse ikagwiritsidwa ntchito mothamanga.

Lamulo lakuti chizungulire chikhale kuti chabwera kasanu limaoneka louma, koma lili ndi nzeru. Chizungulire choyamba mwa munthu wamkulu sichiyenera kupatsidwa dzina la ching'alang'ala, ngakhale munthuyo atakhala wa ching'alang'ala kuyambira kale. Chikabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kulephera kuyenda kapena kukhala tsonga, lilime kulemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanzi mbali imodzi, kapena mutu wachilendo woopsa, aganiziridwe sitiroko ndipo atumizidwe kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Ongodzipereka a m'midzi akagwira mfundo imeneyi yokha, agwira yofunika kuposa zonse.

Matenda awiri amasokonezedwa kawirikawiri ndi amenewa. BPPV ndi chizungulire chosakwana mphindi imodzi chimene chimabwera munthu akatembenuza mutu pogona kapena podzuka. Chimadziwika ndi njira ya Dix-Hallpike ndipo chimachizidwa ndi njira ya Epley, zonse zongofuna bedi ndi manja ophunzitsidwa. Matenda a Ménière amabwera ndi kugontha pang'onopang'ono ndi kulira kwa khutu. Chikalatachi chimavomereza kuti poyamba Ménière ndi vestibular migraine zimavuta kusiyanitsa, ndipo chimadalira makina oyezera kumva, omwe sapezeka m'zipatala zambiri zazing'ono.

Pali phindu lina lapambali. Kufunsa za zothwanima m'maso kumathandizanso kukiliniki ya kulera, chifukwa malangizo a WHO amaletsa mapiritsi okhala ndi estrogen kwa mayi amene ching'alang'ala chake chimabwera ndi chizindikiro chimenechi, poopa sitiroko.

Chikalatachi sichipereka malangizo a mankhwala ochizira matendawa, ndipo kafukufuku wotsatira sadadzaze mpatawo. Kafukufuku wa PROVEMIG ku Germany, woyesa metoprolol, adalekezedwa panjira chifukwa odwala olowamo adachepa, ndipo zotsatira zake za 2019 sizidasonyeze kusiyana ndi mapiritsi opanda mankhwala. Bungwe la Cochrane litaunika umboni mu 2023 lidapeza kuti ndi wofooka. Madokotala amabwereka mankhwala oteteza mutu waching'alang'ala wamba, monga propranolol ndi amitriptyline, n'kulangiza za kugona mokwanira ndi kusadumpha chakudya. Nalo International Headache Society, m'buku lake la 2018 la magulu a matenda a mutu, lidaika vestibular migraine kumapeto, m'gawo la matenda ofunika kufufuzidwabe.

Ndondomeko yofuna kuwerenga maulendo asanu imafuna wina wosunga mbiri, ndipo wodwala woonedwa ndi munthu wosiyana ulendo uliwonse mbiri yake imatayika. Buku la kuchipatala limene wodwala amayenda nalo likhoza kugwira ntchitoyi ngati m'malo molemba liwu limodzi lakuti chizungulire, wachipatala alemba tsiku, mphindi kapena maola amene chidatenga, chimene chidachiyambitsa, ngati kuwala ndi phokoso zinkamusowetsa mtendere, ndi mankhwala onse amene wodwalayo akumwa.