Mfumu, Wapampando ndi Mwini Ng'oma: Kuunika Utsogoleri ndi Chuma cha Magulu a Magule ku Kabwe

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa ovina ndi akuluakulu oona za chikhalidwe m'Zambia muno, lakuti magulu a magule amafa chifukwa chosowa ndalama. Mankhwala amene amaperekedwa pa nthenda imeneyi sasintha: kuitana atsogoleri a magulu kumsonkhano kuti akaphunzire kalembedwe ka makalata opempha thandizo. M'nkhani ino tifuna kutsutsa ganizo limeneli poyang'ana mbiri ya tauni ya Kabwe, ndipo popeza ntchito yathu ndi ya chiyankhulo, umboni wina tiutenga m'mawu amene ovina amatchulira atsogoleri awo ndi ndalama zawo. Maganizo athu ndi akuti gulu limayamba kudwala pamene ovina aleka kukhala eni ake n'kusanduka aganyu a munthu wina, ndipo kuuma kwa thumba kumangomaliza ntchito imene inayamba kale.

Kabwe, amene mpaka 1966 ankatchedwa Broken Hill, anamera pa mgodi wa mtovu ndi zinki umene miyala yake inapezeka mu 1902. Njanji itafika mu 1906, dziko la Alenje linadzaza ndi alendo ofuna ntchito: Abemba, Alala, Abisa, ndiponso Achewa ndi Angoni ochokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anachita kafukufuku pakati pa anthu amenewa mu 1939 ndi 1940, ndipo anapeza kuti gawo lalikulu la malipiro awo linkathera pa zovala, zimene ankakazionetsa m'magulu a dansi yachizungu. Anthu olandira malipiro ochepa chotero ankatha kuyendetsa magulu ndi kuchititsa mipikisano. Funso ndi lakuti ankatha bwanji.

Yankho lomveka bwino lili kumpoto pang'ono, m'njira yomweyo ya njanji, ku Luanshya. M'buku lake lotchedwa The Kalela Dance la 1956, J. Clyde Mitchell anafotokoza gulu la anyamata a Chibisa ovina kalela. Ng'oma zawo zinali migolo ya mafuta yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Gululo linali ndi dokotala wovala mkanjo woyera, amene sankachiza munthu, ndi namwino woyenda ndi kalilole ndi kansalu kopukutira ovina thukuta. Pamwamba pa onse panali mfumu. Mfumuyo inkachita kusankhidwa ndi ovina, ndipo ndiyo inkakonza zochitika ndi kusunga ndalama zimene ovinawo ankasonkha pofuna kupita kukapikisana kutauni ina kapena kuchita phwando.

Buku limeneli lawerengedwa kwambiri, koma ndi diso limodzi. Ophunzira ambiri amafunamo nkhani ya mitundu ya anthu m'tauni ndi ya kutsanzira Azungu, ndipo Bernard Magubane, pomudzudzula Mitchell mu 1971, analimbana naye pa nkhani yomweyo ya zovala ndi chizungu. Mbali zonse ziwiri zinalumpha ndime yonena za thumba la gulu, imene kwa ife ndiyo yofunika koposa. Mayina a maudindo anali obwereka kwa atsamunda, monga zinalili m'magulu a mbeni amene Terence Ranger analemba mbiri yake mu 1975, koma kayendetsedwe kake kanali ka msonkhamsonkha wa kumudzi. Ndalama zinali zochepa, ntchito yake inali yodziwika, ndipo wozisunga ankaonana tsiku ndi tsiku ndi anthu amene anazipereka, amenenso anamuika pampando. Kuti magulu oterewa anali olimba tikuonera pa mantha a boma la atsamunda, limene linakayikira kuti a mbeni ndiwo anafalitsa uthenga wa sitiraka ya 1935 ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya.

Apa tiime pang'ono pa aneni atatu a Chinyanja. (Tikudziwa kuti m'misewu ya Kabwe mumamveka Chibemba koposa, koma kusiyana kumene tikunena kuli m'ziyankhulo zonse ziwiri.) Tikati ovina asonkha, mchitantchito ndi ovinawo. Tikati owonerera afupa wovina, mchitantchito ndi anthu a pabwalo, ndipo amatero poyera, ataona kale luso, kotero kuti aliyense amadziwa zimene zagwa pansi. Koma tikati gulu lathandizidwa, mneni walandira msintho wa -idw-, ovina asanduka ochitiridwa, ndipo wopereka akhoza kusatchulidwa n'komwe m'chiganizo. Galamala ikunena zoona pamenepa. Ndalama ya thandizo imalowera pakhomo la munthu mmodzi, amene amadziwa kuchuluka kwake yekha, ndipo amayankha kwa wopereka amene ali kutali, osati kwa anzake amene amatuluka nawo thukuta.

Mbiri ya magule ku Kabwe chiyambire nthawi ya Wilson ndi ulendo wochoka pa mneni woyamba kupita pa wachitatu. M'nthawi ya atsamunda phindu la mowa wa m'mabiyaholo ndilo linkalipirira maholo ndi zosangalatsa za anthu akuda m'matauni. Ufulu utabwera, boma linakhazikitsa nthambi yoona za chikhalidwe ndi gulu la magule la dziko lonse mu 1966. Mu 1968, pa Mulungushi pafupi ndi Kabwe pomwepa, Pulezidenti Kaunda analengeza zakuti boma litenge gawo lalikulu m'makampani, ndipo m'zaka zotsatira makampani aboma, masukulu ndi asilikali ndiwo anasanduka osamalira masewera ndi magule. Sitikunyoza nyengo imeneyi. Ovina anapeza zovala, galimoto ndi malo ophunzirira, monga momwe timu ya mpira ya Kabwe Warriors inakulira m'manja mwa kampani ya njanji. Mtengo wake unali wakuti mtsogoleri wabwino anakhala uja wodziwana ndi mabwana, ndipo gule anazolowera kuvinidwa pabwalo la ndege ndi pamisonkhano ya chipani, nthawi yake n'kuyezedwa ndi wotchi ya mlendo wolemekezeka.

Mu 1994 munachitika zinthu ziwiri zimene zimayenera kuwerengedwa pamodzi. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa, ndipo nyumba ya malamulo inakhazikitsa National Arts Council of Zambia. Bungwe loyang'anira luso linabadwa m'chaka chimene wolipira luso m'tauni muno anamwalira. Njanji inaperekedwa kwa kampani yapadera kuyambira 2003 mpaka 2012, ndipo fakitale ya nsalu ya Mulungushi inaima mu 2007. Chimene mgodi unasiyira ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu ndi dothi la mtovu, ndipo aliyense amene waonapo kalela akudziwa fumbi limene gule ameneyu amabutsa. Nkhani ya malo ophunzirira gule ku Kabwe ndi nkhani ya umoyo, ngakhale kuti siimveka m'misonkhano ya za luso.

M'malo mwa mgodi munalowa mabungwe olimbana ndi Edzi. Amenewa ankafuna ng'oma kuti iitane anthu, anthu akasonkhana uthenga uperekedwe. Gule anakhala belu. Kuti gulu lilandire ndalama zotere linayenera kulembetsa kuboma motsata lamulo la mabungwe, kukhala ndi malamulo olembedwa, wapampando, mlembi, msungichuma ndi akaunti kubanki. Zonsezi si zoipa. Vuto ndi lakuti maudindowa ankalembedwa pofuna kukondweretsa wopereka, pamene mphamvu yeniyeni inkakhala mwa munthu amene dzina la udindo wake sililembedwa m'malamulo a gulu lililonse, koma wovina aliyense amalidziwa: mwini ng'oma.

Ife tinatsatirapo gulu lina la m'komboni ina ya Kabwe, limene sitilitchula dzina. Papepala linali ndi komiti yokwanira. Kunena zoona, msungichuma anali mlamu wa woyambitsa gululo, ndipo sanagwirepo buku la ndalama. Ng'oma ndi zovala zinagulidwa ndi ndalama za thandizo, koma zinkagona m'nyumba ya woyambitsayo. Ovina sankafunsanso kuti gule wapita bwanji, ankafunsa kuti alawansi ndi zingati. Tsiku limene anafunsa kuti aone risiti, mkuluyo anakhoma chitseko, ndipo gulu linathera pomwepo, ndalama zikanali kubanki. Sitimuyesa wakuba. Iye anagwira ntchito zaka zambiri osalandira kanthu, ndipo mumtima mwake gululo linali munda wake. Cholakwika chinali chakuti panalibe amene akanatha kumuchotsa, monga ovina kalela akanachitira ndi mfumu yawo.

Wina adzatitsutsa, ndipo adzakhala ndi mfundo. Anyamata a Mitchell anali pantchito ya malipiro, pamene mnyamata wa ku Makululu lero alibe choti asonkhe. Izi n'zoona, ndipo sitikunena kuti umphawi ndi nthano. Komabe m'makomboni omwewo muli magulu a azimayi oimba ng'oma pamaphwando a akwati, pa chilanga mulilo ndi pa matebeto, amene sanalembepo kalata yopempha thandizo. Amatchula mtengo wawo, amafupidwa pamaso pa anthu, amagawana tsiku lomwelo, ndipo ambiri amasunga ndalama mwa chilimba. Olemba za luso sawawerengera pakati pa mabungwe a magule, mwina chifukwa alibe chidindo. Chitsanzo china ndi gule wamkulu kum'mawa, amene anapirira chidani cha amishoni zaka zambiri popanda womulipirira, chifukwa mwini mzinda ndi akudambwe ali ndi malamulo amene olowa gule amawadziwa ndi kuwaopa. Dambwe silingasamutsidwire m'holo ya khonsolo, koma likutionetsa kumene kulimba kwa gulu kumachokera.

Masiku ano magule a dera lino alandira ulemu waukulu. UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005, mooba wa Alenje mu 2018, ndi kalela mu 2022. Ulemu umenewu umagwera gule, pamene amene amadya, kukwera basi ndi kugula chikopa cha ng'oma ndi gulu. Thandizo lochokera ku America litadulidwa mu 2025, zinaonekanso poyera kuti ndalama za mlendo zimatha tsiku limene mwini wake wafuna. Maso a ambiri tsopano ali pa thumba la chitukuko la m'madera a aphungu, limene mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni padera lililonse, ndipo gawo lake limapita kwa magulu olembetsa a achinyamata ndi azimayi. Mantha athu ndi akuti makomiti a papepala adzachulukanso. Wofuna kupereka ndalama zoterezi kwa gulu la magule ku Bwacha kapena ku Katondo akanayamba wafunsa ovina, mtsogoleri atatuluka panja, kuti ng'oma zimagona kwa yani, anasankha liti wapampando komaliza, ndiponso ndani anawerenga ndalama zimene anafupidwa Loweruka lapitalo.