Kuseri kwa Zibowo za Mashrabiya

Mlendo woyenda mumsewu wa al-Muizz, pakati pa mzinda wakale wa Cairo, khosi limamuwawa ndi kuyang'ana kumwamba. Pamakoma a nyumba zakalezo pali timakonde tamatabwa totsekedwa mbali zonse, totulukira kumsewu pamwamba pa mitu ya anthu, tolukana ngati dengu la mmisiri wodekha. Dzina lake ndi mashrabiya. Ambiri amaima pansi, kujambula, kuyamikira luso, n'kupitiriza ulendo. Naguib Mahfouz, yemwe anabadwira m'dera lomwelo la Gamaliya mu 1911, anayamba buku lake la Bayn al-Qasrayn atatiimika mbali inayo ya matabwawo, mumdima, pambali pa mayi wa zaka 40 amene akudikira mwamuna wake. Mutu woyamba wa bukuli ndi wa masamba ochepa chabe, koma ndaubwereza kangapo, ndipo nthawi zonse ndimapeza kuti mlembiyu akutidziwitsa Amina pomuyendetsa m'nyumba mwake, chipinda ndi chipinda, mpaka nyumbayo itatiuza zimene mwini wake sanganene ndi pakamwa.

Bukuli linatuluka mu 1956, ndipo ndi loyamba mwa mabuku atatu otsata banja limodzi kuyambira 1917 mpaka 1944, omwe anathandiza kwambiri kuti Mahfouz alandire mphoto ya Nobel mu 1988. Dzina la bukuli ndi la msewu, ndipo limatanthauza pakati pa nyumba ziwiri zachifumu. Anamanga nyumbazo ndi mafumu a Fatimid, amene anakhazikitsa Cairo mu 969. Pamene nkhani ikuyamba n'kuti zitagwa kalekale, patangotsala dzina.

Titsatire mapazi a Amina. Akudzuka pakati pa usiku popanda wotchi, popanda womugwedeza. Phokoso la m'malo omwera khofi pansipo silingamuuze nthawi, chifukwa silisintha kuyambira madzulo mpaka mbandakucha. Chomudzutsa ndi chizolowezi. Akubwera ndi nyali, ndipo kuwala kwake kukutionetsa chipinda chachikulu, denga lili kutali, mitanda yake itandondozana, pansi kapeti wa ku Shiraz, pakati bedi la mizati inayi yamkuwa. Ndi chipinda cha munthu wopeza bwino, mwini sitolo. Koma Mahfouz sakutipatsa mpata wokhalamo. Amina akumanga mpango kumutu, akutsegula chitseko, akulowa m'mashrabiya. Apa mlembi wasankha liwu lolemera kuposa ena onse m'mutuwu: malowo akuwatcha chikwere chotseka, chonga chosungiramo mbalame.

Liwu limeneli limabaya chifukwa mashrabiya, paokha, ndi chinthu chabwino ndi chanzeru. Amisiri amasema timitengo tating'onoting'ono tambirimbiri n'kutilowetsana tokhatokha, kawirikawiri popanda msomali kapena guluu, kuti mtengo ukafufuma kapena kufota ndi nyengo usang'ambike. Dzuwa la ku Egypt limalowa litaphwanyika, losathobwa m'maso. Mphepo imadutsa. Dzinalo limachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kumwa, ndipo ambiri amalifotokoza potchula mitsuko yadothi ya madzi akumwa imene inkaikidwa pamenepo kuti mphepo iziiziziritsa. Amene anamwapo madzi a mumtsuko wa pakhonde mwezi wa Okutobala akudziwa kukoma kwake. Katswiri wa zomangamanga wa ku Egypt, Hassan Fathy, ankatamanda mashrabiya pa zifukwa zomwezi za kuwala, mpweya ndi kuzizira, ndipo pamndandanda wake panali chifukwa chinanso: kuti wam'kati aone kunja, wakunja asaone m'kati. Chakumunsi, pofika maso a munthu, zibowo zimathinana. Chakumwamba zimatakasuka kuti kuwala kulowe. Mmisiri ankadziwa amene adzaime pamenepo, ankadziwanso msinkhu wake. Lero munthu angathe kuyesa yekha ku Bayt al-Suhaymi, nyumba yaikulu ya m'dera lomwelo imene inamangidwa mu 1648 n'kuwonjezeredwa mu 1796: ukaima kuseri kwa matabwawo umaona bwalo lonse, wapabwalo osadziwa kuti ulipo.

Ndiye Amina akutembenuza nkhope uku ndi uku, diso likusamuka chibowo ndi chibowo. Mahfouz akundandalika zimene akuona mwadongosolo la diso lozolowera: pansi pomwepo nyumba yakale yomwera madzi anthu odutsa, imene kumeneko amati sabil, pokumana misewu iwiri, mbali ina msewu wopapatiza wamdima, mbali ina nyali za ogulitsa ndi za malo a khofi, kenako nsanja za mizikiti ya Qalawun ndi Barquq zitaima mumdima ngati zimphona. Nyumba zimenezi zilipo ndithu. Ya Qalawun inamangidwa mu 1284 ndi 1285, ili ndi chipatala chake chomwe, ya Barquq zaka zana pambuyo pake, ndipo zili m'gulu la zinthu zimene zinachititsa UNESCO kuika Cairo wakale pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1979. Anthu amawoloka nyanja kudzaziona. Amina waziyang'anira pachibowo zaka 25, zili pamphuno pake penipeni.

Chimene chimandigwira mtima pandimeyi n'chakuti Amina sakudandaula. Mlembi wapupuluma akanamuliritsa, ife tikanamumvera chisoni n'kutseka buku mtima uli m'malo. Mahfouz akumulola kuukonda msewuwo. Akuti sanatope nawo, ndipo unali bwenzi lake masiku amene m'nyumba munalibe mwana ngakhale mmodzi. Ali chiimire pamenepo, maganizo akubwerera m'mbuyo, ndipo nyumba yomwe ija tikuionanso ndi maso a kamtsikana kokwatiwa kasanakwanitse zaka 14. Apongozi atamwalira anatsala ndi mayi mmodzi wachikulire wantchito m'chinyumba cha bwalo lafumbi, chitsime chakuya ndi zipinda za madenga ataliatali. Denga lalitali limene womanga anaika kuti mpweya wotentha ukwere, kwa mwanayu linali malo obisalamo majini. Madzulo aliwonse ankazungulira zipinda zonse, nyali m'manja, wantchito pambali, akulakatula mavesi a Korani. Kamodzi kokha, chaka choyamba cha ukwati, anayesa kunena mwaulemu za kuchezera kunja kwa mwamuna wake. Anamugwira khutu, namuuza amene amalamula m'nyumbamo. Kuyambira pamenepo anaphunzira kukhala bwino ndi majini ndi mwamuna yemwe, ndipo Mahfouz akutchula ziwirizi moyandikana mwadala.

Kenako phokoso la ngolo yokokedwa ndi hatchi. Matabwa amatchinga maso a wakunja, koma khutu la wam'kati salitseka. Amina akumva mwamuna wake, al-Sayyid Ahmad Abd al-Jawad, akutsazikana ndi anzake, akuseka, akuponya nthabwala, ndi mawu amene m'nyumba mwake sanamvekepo. Kwa ana ake bamboyu ndi mkango. Munthu wansangala amene msewu umamudziwa, mkazi wake amamumvera pachibowo basi. Mutuwu ukutha Amina atanyamula nyali, ataima pamwamba pa masitepe, ataitambasulira kumunsi kuti bamboyo aone popondapo. Mutu wotsatira akumuvula nsapato, akumuthirira madzi osamba m'manja, kenako akukhala pansi chakumapazi kwake, iye ali pampando. Mpaka lero ku Egypt mwamuna wolamula mkazi motere amamutcha Si al-Sayyid, dzina lochokera m'bukuli.

Mitu yotsatira ikumaliza kujambula nyumbayi kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo paliponse pali mwini wake. Chipinda cha bambo chili kumwamba, ndipo kumeneko ndi kumene amadyera kadzutsa ndi ana ake aamuna atatu, iwo ali zyoli. Pabalaza la pansi pake mayi ndi ana amasonkhana dzuwa likamapendeka kumwa khofi, bambo palibe, ndipo ndi pokhapo pamene timamva kuseka kwa banja lonse. Pansi penipeni, kumapeto kwa bwalo, pali chipinda cha uvuni, kumene wantchito Umm Hanafi amakanya ufa wa buledi mbandakucha, kugunda kwake n'kumadzutsa ogona kumwamba. Mahfouz akunena mosabisa kuti kumwamba Amina ndi nthumwi chabe ya mwini ulamuliro, koma pauvuni ndi mfumukazi. Wowerenga wa kwathu sasowa womumasulira zimenezi. Tonse tinaonapo mayi amene pabalaza amagwada polankhula, koma pamafuwa palibe womuuza zochita.

Ndipo pali denga. Nyumba za ku Cairo, kumene mvula ndi yosowa, zili ndi madenga athyathyathya oti munthu n'kuyendapo, ndipo denga la nyumbayi Amina analisandutsa mudzi wake: makola a nkhuku, khola la nkhunda, maluwa a jasmine, ndi zoyanga za lablab, zija kwathu timati nkhungudzu. Zina zonse m'nyumbamo anazipeza zitamangidwa kale ndi makolo a mwamuna wake. Pano pokha ndi pamene anamanga yekha. Akaima kumapeto kwa kadimba kameneka amaona nsanja za mizikiti ya mzinda wonse, ndipo diso lake limakakamira pa ya mzikiti wa al-Husayn, umene amaukonda koposa, ulendo wa mphindi zochepa wapansi, koma sanapondemo. Ndimaona kuti ndime ya padenga ndi m'bale wake wa ndime ya mashrabiya. Usiku amaona pang'ono kudzera pachibowo, masana amaona zonse popanda chotchinga, koma konseko mapazi ali pamodzimodzi.

Nyumba yomangidwa kuti isunge anthu m'kati imadontha pomwe pali luso lake. Aisha, mwana wamkazi wamng'ono, amadikira pamashrabiya omwewo wapolisi wachinyamata wodutsa m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina akutsegula kazenera kuti aonedwe. Fahmy, mwana wamwamuna wophunzira zamalamulo, amakwera padenga ndi mng'ono wake Kamal ngati akukamuphunzitsa, chonsecho akufuna kuona mtsikana Maryam akuanula zovala padenga loyandikana. Tsiku limene bambo apita ku Port Said, ana akunyengerera mayi awo kuti akaone mzikiti wa al-Husayn. Akubwereka chofunda cha wantchito, akutuluka ndi Kamal, ndipo kwa nthawi yoyamba akuona msewu wake ali pansi, mashrabiya a nyumba yake ali kumwamba monga amawaonera wina aliyense. Pobwerera galimoto ikumugunda, fupa la paphewa likuthyoka. Bamboyo akudikira mpaka achire, kenako akumuthamangitsira kwa mayi ake. Chilango cha amene watuluka m'nyumba ndi kumutulutsa m'nyumba, ndipo Amina akulira kuti abwerere. Sindinawerengepo tsamba lina lofotokoza bwino chonchi mmene khoma limalowera mwa munthu.

Mu 1919, mtsogoleri wa omenyera ufulu Saad Zaghlul atatengedwa kupita ku Malta ndipo Egypt yense atawukira Angerezi, asilikali a Angereziwo akumanga misasa pansi penipeni pa nyumbayi. Banja likuwasuzumira pazibowo zomwe zija. Tsiku limenelo ngakhale al-Sayyid Ahmad sakutuluka. Fahmy ndiye akutulukabe mobisa, mpaka chipolopolo chikumupeza pachionetsero chamtendere kumapeto kwa buku.

Mahfouz sanaiwale kumene anayambira. M'buku lachitatu, al-Sukkariyya, limene linatuluka mu 1957, m'nyumba muja mwalowa magetsi ndi wailesi, ndipo nyali ya pamasitepe yatha ntchito. Al-Sayyid Ahmad wakalamba, mtima wafooka, masitepe amene ankakwera usiku uliwonse akumukanika, ndipo wasamukira m'chipinda cha pansi. Anzake oseka nawo aja akumwalira mmodzimmodzi. Amina tsopano amavala chofunda chake n'kupita kumizikiti ndi kumanda a mwana wake monga wafunira. Bamboyo amatsala pamashrabiya, akuyang'ana msewu pazibowo, kudikira kuti mkazi wake abwere.