Dola ya Mkazi Wamasiye ndi Chikho cha pa Guwa: Kuunika Bungwe la Knights of Columbus

Pa 29 Malichi 1882 nyumba ya malamulo ya Connecticut, ku United States, idavomereza bungwe la abambo achikatolika limene lidabadwira m'chipinda chapansi pa tchalitchi la St Mary's mu mzinda wa New Haven. Dzina lake ndi Knights of Columbus, ndiye kuti ankhondo aulemu a Columbus. Lero mamembala ake adapitirira mamiliyoni aŵiri, ndipo ali ku United States, Canada, Mexico, Philippines, Poland ndi maiko ena. Olemba za bungweli kaŵirikaŵiri amagaŵa moyo wake patatu: ntchito zothandiza anthu, chiyanjano cha abale, ndi chikumbutso cha omwalira, ngati kuti ndi mizati itatu yoimikidwa padera. M'nkhani ino tifuna kuwonetsa kuti pa chiyambi zitatuzi zinali ntchito imodzi, ndipo muzu wake unali chikumbutso. Tsono mphamvu ndi kufooka kwa bungweli tiziyesa pa funso limodzi: kodi limakumbukira yani, ndipo kukumbukirako kumamtayitsa chiyani wokumbukirayo?

Bungwe lobadwira pa maliro

Amene adaliyambitsa ndi Bambo Michael McGivney, mwana wa anthu ochokera ku Ireland, wobadwira ku Waterbury pa 12 Ogasiti 1852. Anali woyamba mwa ana 13, ndipo asanu ndi mmodzi mwa iwo adamwalira akali aang'ono. Ali ndi zaka 13 adayamba ntchito m'fakitale yosula masupuni. M'chaka cha 1873, ali pa maphunziro a unsembe ku Montreal, bambo wake adamwalira, ndipo mnyamatayo adabwerera kwao. Adapitiriza maphunziro chifukwa episkopi wa Hartford adamthandiza kuloŵa seminale ya St Mary's ku Baltimore, kumene adadzozedwa unsembe pa 22 Disembala 1877. Munthu wotere sankasoŵa buku lomuuza zimene zimagwera nyumba mwini wake akatsikira kuli chete.

Ambiri mwa Akhristu ake ku New Haven anali antchito a m'mafakitale. Ngozi ndi chifuwa chachikulu zinkatenga abambo akali ndi mphamvu, ndipo malipiro ankathera pa tsiku la imfa. Banja likalephera kutsimikizira bwalo la milandu kuti lingathe kulera ana, bwalolo linali ndi mphamvu zoŵachotsa pakhomo. Mu Febuluwale 1882 Bambo McGivney adakaima pa bwalo lotere, nadzipereka kukhala nkhoswe ya mnyamata wa banja la Downes amene adaali atataya bambo wake. Mabungwe achinsinsi, monga la a Freemason, ankalonjeza thandizo pa matenda ndi pa maliro. Koma Eklezia adaali ataletsa ana ake kuloŵa bungwelo kuyambira pa nthaŵi ya Papa Clement XII mu 1738. Motero bambo wachikatolika adapanikizika: kumvera Eklezia nkusiya ana pa mtetete, kapena kuteteza ana nkutaya masakramenti.

Yankho la wansembeyo linali lapafupi. Membala akamwalira, aliyense wotsala apereke dola imodzi, kuti mamembala akadzakwana 1,000 mkazi wamasiye azidzalandira madola 1,000. Akuluakulu athu akadangoti, chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Koma tiwonetsetse chimene lamuloli lidachita. Uthenga wa imfa ukafika, dzina la womwalira linkaloŵa m'khutu, dzanja nkuloŵa m'thumba pomwepo. Munthu sakadatha kukumbukira mbale wake osapereka kanthu, ndipo sakadatha kupereka osadziŵa kuti wafa ndani. Ndi nzeru yomwe ija ya Yuda Makabeo, amene adasonkhetsa ndalama pakati pa ankhondo ake kuti ikaperekedwe nsembe ku Yerusalemu chifukwa cha anzao ophedwa. Ndi muyeso womwe uja wa kalata ya Yakobe Woyera, yoti chipembedzo choona chimadziŵika pa kusamala ana ndi akazi amasiye. Nchifukwa chake mau achilatini oti memento mori, okumbutsa munthu za imfa yake, adakhazikika pa milomo ya mamembala mpaka lero.

Kupatsa nkuika

Pano wophunzira filosofi sangalephere kufunsa: kodi kusonkherana kotere ndi chikondi chachikhristu, kapena ndi malonda chabe ovala malaya a chikondi? Aristotle adasiyanitsa ubwenzi wa mitundu itatu: wofuna phindu, wofuna chisangalalo, ndi wofunira mnzako zabwino chifukwa cha iye mwini. Inshuwalansi ili m'gulu loyamba. Ndipereka lero kuti mkazi wanga adzalandire maŵa, kupatsa nkuika. Palibe choipa pamenepo, ndipo wansembe amene amanyoza ubwenzi wotere sadagonepo ndi njala. Komabe Tomasi Woyera wa ku Aquino amaphunzitsa kuti chikondi chenicheni ndi ubwenzi ndi Mulungu, umene umasefukira ngakhale kwa iye amene sangatibwezere kanthu.

Mbiri ikuwonetsa kuti woyambitsayo adadutsa malire a phindu. M'chaka chomwecho cha 1882 ankayendera ku ndende mnyamata wina dzina lake James Smith, amene adagamulidwa kuti anyongedwe chifukwa chopha mkulu wa apolisi wa ku Ansonia, ndipo adamperekeza mpaka pa tsiku lake lomaliza, pa 1 Sepitembala. Smith sanali membala, analibe dola yoti abweze. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse bungweli lidamanga nyumba zopumuliramo asilikali, zotsekukira aliyense mosayang'ana chipembedzo, ndipo zonse zinali zaulere. Lero nthambi zake zimagaŵa majekete kwa ana pa nyengo yozizira, zimapereka njinga za olumala, zimathandiza maseŵera a Special Olympics kuyambira 1968, ndipo zimalipirira anyamata m'maseminale.

Koma kukula kuli ndi mtengo wake. Njira ya dola imodzi sikadatha kukhalitsa, pakuti mamembala akamakalamba maliro amachuluka kuposa osonkha. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 bungweli lidatsata njira ya makampani a inshuwalansi, yoti munthu azilipira molingana ndi zaka zake. Kusinthaku kunali kwanzeru, ndipo kudapulumutsa mabanja ochuluka. Pofika 2015 inshuwalansi yonse ya mamembala idapitirira madola 100 biliyoni. Chokhacho nchakuti chingwe chija chidaduka. Mkazi wamasiye tsopano amalandira cheke kuchokera ku ofesi, ndipo membala wa nthambi yomweyo samva imfa ya mbale wake m'thumba mwake. Chaka ndi chaka bungweli limalengeza ndalama zimene lapereka ndi maora amene mamembala agwira ntchito zachifundo. Kuŵerengera nkwabwino, chifukwa chuma cha gulu chimafuna kuŵala. Koma chiŵerengero cha maora sichingatiwuze ngati wina adagogoda pa khomo la wamasiye patapita miyezi isanu ndi umodzi, anthu onse atabalalika.

Lupanga ndi chikho

Mu 1900 bungweli lidawonjeza Gawo Lachinai, loimira kukonda dziko, pamwamba pa chikondi, umodzi ndi ubale. A m'gawo limeneli ndiwo amaima mondondozana pambali pa bokosi la mbale wao, malupanga ali m'manja. Kwa zaka zambiri ankavala mikanjo ya m'mapewa ndi zipewa za nthenga. Mu 2017 atsogoleri adasintha zovalazo, naika jekete ndi kapusi, ndipo madandaulo a mamembala adamveka kutali. Sitikunyoza mwambo. Munthu ndi thupi ndi mzimu, ndipo chisoni chimafuna zizindikiro. Ife amene timavala alba ndi kasula sitingaseke wovala nthenga. Komabe Augustino Woyera, polembera Paulino wa ku Nola za kusamala akufa, adanenetsa kuti ulemerero wa maliro umatonthoza amoyo koposa m'mene umathandizira akufa, ndipo kuti chothandiza akufa ndi nsembe ya pa guwa, mapemphero ndi zachifundo. Pa muyeso umenewu lupanga nlopepuka.

Pali mwambo wina wa Gawo Lachinai lomwelo umene sumveka kwambiri, koma ndiwo wolemera. Membala akamwalira, anzake amagula chikho cha Misa, nkulemba dzina lake pa tsinde lake, kenaka nkuchipereka kwa wansembe wodzozedwa kumene kapena ku parishi yosauka. Taganizani zimene zikuchitika pamenepa. Abale asonkha: ndicho chiyanjano. Wosoŵa walandira: ndiyo ntchito yachifundo. Dzina la womwalira likwezedwa m'mwamba tsiku ndi tsiku m'manja mwa wansembe amene mwina sadamuwonepo nkhope: ndicho chikumbutso. Zitatu zija zabwerera kukhala chimodzi, ndipo zalumikizika ku chikumbutso chachikulu chimene Ambuye adalamula pa mgonero wotsiriza. Mu Ukaristia kukumbukira sikungoganiza za kale ai. Nkuika pamaso pa Atate nsembe ya Mwana, pamodzi ndi onse amene ali ziŵalo za thupi lake, amoyo ndi akufa. Ngati pali malo amene mzimu wa Bambo McGivney ukadali wamoyo, ndi pa tsinde la chikho chimenechi.

Chikumbutso chosankha

Tafunsa kuti kukumbukira kumatayitsa chiyani. Tsopano tifunse kuti akukumbukiridwa ndani. Dzina la Columbus lidasankhidwa pa chifukwa chomveka. Akatolika ankanyozedwa kuti ndi alendo omvera mfumu ya ku Roma, ndipo iwo adayankha kuti amene adatsekula njira ya ku America mu 1492 anali Mkatolika. Dzinalo linali chishango cha anthu oponderezedwa. Ndi mtima womwewo bungweli lidalimbana ndi Ku Klux Klan m'zaka za m'ma 1920, ndipo lidathandiza ndi ndalama mlandu umene mu 1925 udagwetsa lamulo la ku Oregon lofuna kupha sukulu za mipingo.

Koma chikumbutso cha Columbus chili ndi mbali ina. Anthu a mtundu wa Taino a pa chilumba cha Hispaniola adatha ndi matenda, ukapolo ndi ntchito yakalavulagaga m'zaka zoŵerengeka zotsatira 1492. Oyamba kudzudzula nkhanzazi sanali adani a Eklezia: anali ansembe achidominiko, Antonio de Montesinos mu ulaliki wake wa 1511, ndi Bartolomé de las Casas pambuyo pake. Bungwe lachikatolika lotchedwa ndi dzina la Columbus lili ndi ngongole yokumbukira maina ameneŵanso.

Chimodzimodzi nkhani ya Akatolika akuda. Malamulo a bungweli sankatchula khungu, koma mavoti asanu okana ankakwanira kutsekera munthu kunja, ndipo m'nthambi zambiri mavoti asanuwo sankasoŵa. Mu 1909, ku Mobile mu Alabama, ansembe a chipani cha Josephite pamodzi ndi abambo akuda adayambitsa bungwe laolao, Knights of Peter Claver. Nzoona kuti mu 1924 likulu la Knights of Columbus lidasindikiza buku la W. E. B. Du Bois lonena za mphatso za anthu akuda ku America, chinthu chofuna kulimba mtima pa nthaŵi imeneyo. Koma lamulo la mavoti lidadikira mpaka 1964, pansi pa utsogoleri wa John McDevitt, kuti lisinthidwe. Likulu linkalemekeza wakuda m'buku pamene nthambi inkamkaniza mpando. Apa tikuwona ngozi ya chiyanjano chilichonse: kufunda kwa m'kati kumagulidwa ndi chitseko chotseka.

Katswiri wa teolojia Johann Baptist Metz ankaphunzitsa kuti kukumbukira masautso a Khristu ndi chikumbutso choopsa, chifukwa kumatikakamiza kumva kulira kwa ogonjetsedwa amene mbiri ya opambana idaŵaiŵala. Bungweli limadziŵa kukumbukira ovutika ake: ansembe asanu ndi mmodzi a ku Mexico, mamembala ake, ophedwa pa mazunzo a Eklezia m'dzikolo, adatchulidwa oyera ndi Papa Yohane Paulo II mu 2000, mmodzi wa iwo, Mateo Correa, adaphedwa mu 1927 atakana kuulula za m'kulapa. Kukumbukira ovutika a ena, makamaka amene adavutika m'manja mwa ngwazi zako, ndiye mayeso ovuta. Thandizo la bungweli pa kachisi wa Kateri Tekakwitha Woyera ku Gallup, New Mexico, amene ntchito yake idayamba mu 2019, ndi phazi loyamba pa njira imeneyo. Ulendo wake ngwautali.

Phunziro kwa abusa a maŵa

Ambiri mwa oŵerenga ano adzakhala alangizi a mabungwe a abambo m'maparishi mwathu. Sitisoŵa malupanga a ku Connecticut. Anthu athu amadziŵa kale kuti maliro nkulirana: abambo amachezera pa moto panja pa siŵa, adzukulu amalaŵirira ku manda, chipepeso chimasonkhedwa. Pofooka pathu ndi pomwe Bambo McGivney adayambira, ndiye kuti maliro akatha. Kulanda chuma cha masiye kudafika poti nyumba ya malamulo ya Malaŵi mu 2011 idakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha omwalira, lokhala ndi chilango kwa olanda. Kodi bungwe la abambo limene lidaimba bwino pa Misa ya maliro lidzakhalapo pamene achibale akuzula malata pa nyumba ya wamasiye? Kodi mlangizi wake adzalimba mtima kukaima pa bwalo la amfumu kapena la milandu, monga adachitira wansembe uja wa zaka 29?

Bambo McGivney adamwalira ku Thomaston pa 14 Ogasiti 1890, atangokwanitsa zaka 38. Mu 1982 mafupa ake adasamutsidwira ku tchalitchi la St Mary's ku New Haven, ndipo pa 31 Okutobala 2020 adatchulidwa Wodala ku Hartford. Bungwe lake nloyenera ulemu, ndipo amene amalipeputsa ayambe awonetsa amasiye amene iwo adadyetsa. Koma ulemu sutiletsa kuŵeruza. Pamene chikumbutso chake chimathera pa zovala ndi pa dzina la ngwazi imodzi, nchofooka. Pamene chimatulutsa ndalama m'thumba, chimatchula dzina pa guwa, ndipo chimatsekulira chitseko amene kale adatsekeredwa kunja, nchachikhristu. Mlangizi wa bungwe la abambo angayambe ndi ntchito yaing'ono: m'mwezi wa Novembala, buku la maina a omwalira likaŵerengedwa pa Misa, pambali pa dzina lililonse palembedwenso dzina la mkazi ndi ana otsala, ndi dzina la membala amene adzaŵayendera Khrisimasi isanafike.