Chikwatu cha Mfutso

Mukalowa m'khitchini ya kumudzi ku Mitundu kapena ku Nathenje, kwezani maso kudenga. Mudzaona kamtolo kozungulira, kokutidwa ndi masamba a msuku, komangidwa ndi luzi, kakuda ndi mwaye. Chimenecho ndi chikwatu, ndipo ambirife sitichilabadira n'komwe.

Ntchito yake imagwiridwa mu Febuluwale ndi Malichi, khwanya, chitambe ndi nkhwani zikachuluka m'munda. Amayi amathyola masamba anthete okhaokha n'kuwafutsa m'madzi otentha. Luso lagona pamenepa: akapsetsa amasanduka phala, ndiye pofunika diso pophula. Kenako amawayanika pamphasa mpaka aume gwaa, ndipo mfutso umenewu ndiwo amaukulunga m'chikwatu. Ena amayanika pamthunzi, ndipo amachita bwino, chifukwa dzuwa limawononga vitamini A.

 Mfutso susunga vitamini C kwenikweni, koma ayironi ndi kashiamu zimakhalamo ndithu.

Okutobala akafika, tchire litapsa, masamba atakwera mtengo pamsika, mayi amamasula luzi lija, n'kutendera ndi nsinjiro, fungo n'kufika mpaka kwa aneba. Pakhomo popanda dimba, chikwatu chikasowa, ana amadyera nsima madzi amchere.