Ndondomeko ya zaumoyo ya 2023–2030 ndi anthu osalembedwa a m'minda ya fodya ku Kasungu

Mu 2023 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yachitatu yoyendetsera ntchito zaumoyo m'dziko muno, Health Sector Strategic Plan III, yomwe igwire ntchito mpaka 2030. Mutu wake waukulu ndi wakuti pakhale pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi. Cholinga n'chakuti boma, zipatala za mishoni ndi mabungwe othandiza asamakoke aliyense kwake, komanso kuti pakutha pa chaka pakhale chikalata chomwe anthu angagwire n'kufunsa kuti ndalama zinapita kuti ndipo zinathandiza ndani. Ganizoli ndi labwino. Koma lipoti limafotokoza za anthu okhawo amene analembedwa. Ndondomekoyi ikayesedwa ndi moyo wa m'minda ya fodya ku Kasungu, pakuoneka mpata waukulu. Anthu ambiri othyola fodya salowa bwino m'makaundula omwe lipotilo limachokera, choncho palibe ofesi yomwe imakakamizika kufotokoza za umoyo wawo.

Njira zofunsira boma zilipo, koma zinapangidwira mudzi

N'koyenera kuvomereza kuti Malawi ili ndi njira zingapo zofunsira akuluakulu a zaumoyo. Gawo 30 la malamulo oyendetsera dziko limalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wopeza chithandizo cha zaumoyo. Mfundo ya mphamvu ku anthu ya 1998 inapereka ntchito zaumoyo za m'maboma ku makhonsolo. Pa chipatala chaching'ono pamakhala komiti yoyang'anira chipatalacho, ndipo m'midzi muli makomiti a zaumoyo. Kuyambira 2018 m'zipatala munayamba kuikidwa ombudsman wolandira madandaulo a odwala. Ndondomeko ya zaumoyo wa m'madera ya 2017 mpaka 2022 inafuna kuti HSA mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Palinso njira yoti anthu ndi ogwira ntchito pachipatala azikhala pansi n'kupereka malikisi pa chithandizo, yomwe bungwe la CARE linayambitsa kuno ku Malawi mu 2002. Kafukufuku wa ku Ntcheu yemwe anasindikizidwa mu 2017 anaonetsa kuti njirayi inathandiza kuti amayi oyembekezera aziyenderedwa kwambiri kunyumba ndi azaumoyo.

Njira zonsezi zinamangidwa poganizira munthu wokhazikika, yemwe ali ndi nyakwawa yake, amadziwika pa maliro ndi pa chitukuko, ndipo dzina lake lili m'kaundula wa m'mudzi wa HSA. Mamembala a komiti amasankhidwa m'midzi. Misonkhano imaitanidwa kudzera kwa mafumu. Malire a dera la HSA amatsatira midzi. Ndondomeko yatsopanoyi yalimbikitsa njira zimenezi popanda kufunsa za munthu yemwe amakhala m'dera miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi koma alibe mudzi m'deralo.

Munthu wotere ku Kasungu sasowa. Bomali, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu opitirira 800,000, linadzaza ndi maesiteti a fodya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kwa nthawi yaitali ntchito ya m'maesitetiwa yakhala ikugwiridwa ndi mabanja ochokera kutali, ambiri a iwo kuchokera ku maboma akum'mwera komwe malo olima ndi ochepa, monga Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Amafika mvula isanayambe, amamanga tinyumba pa malo a mwini munda, amatenga chimanga pangongole, ndipo amalandira ndalama fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa ndipo utenanti unaletsedwa. Kuletsako kunali koyenera, koma fodya akulimidwabe ndipo manja omuthyola akufunikabe. Banja lomwe kale linkatchedwa la tenanti lero likhoza kutchedwa la aganyu, koma madzi omwe limamwa, mtunda wopita kuchipatala ndi kusadziwika kwake kwa mfumu sizisintha ndi dzina.

Matenda omwe alibe mzere wake

Chitsanzo choonekeratu ndi matenda obwera chifukwa chogwira fodya wamuwisi. Masamba akanyowa ndi mame, mvula kapena thukuta, nikotini amasungunuka n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Pakapita maola ochepa munthu amamva nseru, amasanza, amachita chizungulire, mutu umapweteka, thupi limafooka, nthawi zina m'mimba mumapotokola. Ambiri amachira pakatha tsiku limodzi mpaka atatu akasiya kugwira masamba, koma amene wasanza kwambiri amatha madzi m'thupi. Ana amavutika msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa kafukufuku yemwe anachitika ndi ana 44 ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Anawo anafotokoza zizindikiro zomwezi, ndipo lipotilo linati pa tsiku lachinyezi munthu wothyola fodya akhoza kulowetsa m'thupi nikotini wofanana ndi wa ndudu 50. Kafukufukuyu anali wamng'ono, ndipo cholinga chake chinali kumva za moyo wa anawo, osati kuwerenga odwala m'boma lonse. Ntchito yowerenga inali ya boma. Zaka zoposa khumi zadutsa, koma m'malipoti a mwezi ndi mwezi omwe zipatala zimatumiza ku DHIS2 matendawa alibe mzere wake.

Zotsatira zake zimaoneka m'chipinda choonera odwala. Fodya amathyoledwa kwambiri kuyambira Januwale mpaka Malichi, nthawi yomweyo malungo akafika pachimake. Mnyamata wochokera kumunda akabwera akusanza ndi mutu, amayezedwa malungo, ndipo izi n'zoyenera. Chipangizo chikaonetsa kuti alibe, amalandira Panado n'kubwerera kumunda womwewo mawa lake m'mamawa mame asanaume. Chikaonetsa kuti ali ndi tizilombo, monga zimachitikira kwa anthu ambiri m'nyengoyi, amalembedwa kuti ndi malungo basi. Palinso ngozi ina. Zizindikiro za nikotini zimafanana ndi za poizoni wa mankhwala ena opopera mbewu, yemwe amatha kupha ndipo amafuna chithandizo chachangu. Dokotala wamng'ono yemwe sanafunse za ntchito ya wodwalayo alibe poyambira kusiyanitsa ziwirizi.

Apa ndi pomwe lonjezo la lipoti limodzi likufooka. Matenda omwe sanalembedwe salowa m'pulani ya chaka ya boma, sapatsidwa ndalama, ndipo palibe khansala yemwe angafunse mkulu wa zaumoyo chifukwa chake chiwerengero chawo chakwera.

Wodandaula ndi wolandira dandaulo

Ombudsman wa pachipatala ndi chinthu chofunika, ndipo ofesi ya Ombudsman wamkulu inaonetsa mphamvu zake mu 2019 pomwe inatulutsa lipoti lofufuza amayi omwe anachotsedwa chiberekero m'zipatala zazikulu chifukwa cha kusasamala. Koma ombudsman wa pachipatala nthawi zambiri amakhala wogwira ntchito m'nthambi yomweyo ya zaumoyo, wolandira malipiro ku boma lomwelo, ndipo amene akudandaulidwawo ndi anzake a pantchito. Kuonjezera apo, amalandira dandaulo la munthu yemwe wafika pachipatala. Vuto lalikulu la wogwira ntchito pa esiteti ndi lakuti safika n'komwe. Kupita ku Kaluluma, ku Santhe, ku Chulu kapena ku chipatala chachikulu cha pa Kasungu boma kumafuna chilolezo cha kapitawo, ndalama ya kabaza ndi tsiku lathunthu lomwe fodya wakupsa sangadikire. Mayi yemwe sanapite ku sikelo chifukwa cha zimenezi saoneka m'buku la madandaulo.

Komiti ya chipatala nayonso siingamuyankhulire ngati mulibe munthu wochokera m'maesiteti. Ndipo munthu wokhala pa malo a bwana, yemwe chakudya chake ndi ngongole kwa bwanayo, sangaimirire pagulu n'kunena kuti chitsime cha pa esiteti chili pafupi ndi chimbudzi. Akuluakulu amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma banja lomwe likuyembekeza malipiro a chaka chonse mu Meyi lili ndi chifukwa chomveka choopera.

Ndalama ndi nyengo

Zipatala za boma siziliripitsa, koma za CHAM, zomwe zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko muno, zimalipiritsa. Ku Kasungu madera ena amadalira zipatala zotere, monga cha Nkhamenya ndi cha St Andrew's ku Mtunthama. Kuyambira 2006 boma limachita mgwirizano ndi zipatala za CHAM kuti anthu ena alandire chithandizo mwaulere, makamaka amayi oyembekezera ndi makanda. Mgwirizanowu wapulumutsa miyoyo yambiri. Koma bambo wa zaka 30 yemwe wagwa kumunda mu Febuluwale kawirikawiri sakhala m'gulu limeneli, ndipo mwezi umenewu ndi womwe m'nyumba mulibe ngakhale tambala. Ndondomeko yomwe imaona umphawi ngati wofanana chaka chonse siiona kuti m'dera la fodya matenda ndi kusowa kwa ndalama zimabwera mwezi umodzi.

Ndondomekoyi ikufunanso kuti ndalama zina zizipita mwachindunji ku zipatala zazing'ono kuti makomiti azikonza okha zinthu zofunika msanga. Izi zikhoza kuthandiza kwambiri. Funso ndi lakuti ndalamazo zigawidwa potengera chiwerengero chiti. Azaumoyo amadziwa kale kusiyana komwe kumakhalapo pakati pa chiwerengero choyerekezedwa kuchokera ku kalembera ndi chomwe ma HSA amapeza akayenda khomo ndi khomo. M'dera lomwe anthu amachuluka m'dzinja n'kuchepa m'chilimwe, kusiyanaku kumakula, ndipo chipatala chimanyamula katundu yemwe palibe anamuwerengera. Zonsezi zikuchitika pomwe Malawi yakhala ikulephera kufika pa 15 peresenti ya bajeti yomwe mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti izipita ku zaumoyo.

Udindo womwe aliyense amati ndi wa mnzake

Chitetezo cha anthu pantchito chili pansi pa Unduna wa Zantchito. Ulimi wa fodya uli pansi pa Unduna wa Zamalimidwe ndi bungwe la Tobacco Commission. Odwala ali pansi pa Unduna wa Zaumoyo ndi khonsolo. Tobacco Commission imalemba alimi chaka chilichonse ndipo imawapatsa mlingo wa makilogalamu oti alime. Belo lililonse lofika ku msika limadziwika mwini wake. Izi zikusonyeza kuti boma limatha kuwerenga za m'minda ya fodya pamene likufuna. Sizikumveka kuti mbewu yomwe imabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja itsatiridwe chotere pomwe anthu oithyola sakudziwika kuti alipo angati m'dera la chipatala chilichonse.

Mafunso okhwima pa nkhaniyi akhala akuchokera kunja. Mu Novembala 2019 dziko la America linaimitsa kaye fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito. Mu 2020 maloya a Leigh Day anakasuma ku khoti la ku London m'malo mwa alimi a fodya a ku Malawi ndi ana awo, kusumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands, omwe amakana milanduyo. Mu 2023 Malawi inavomereza pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya, lomwe gawo lake 18 limakamba zoteteza umoyo wa anthu pa ulimi wa fodya. Lonjezo limeneli tsopano ndi la boma la Malawi, ndipo liyenera kuoneka m'pulani ya zaumoyo ya Kasungu.

Zomwe zingatheke popanda kudikira 2030

Zina sizifuna ndalama zambiri. Wodwala aliyense wosanza ndi chizungulire m'miyezi yothyola fodya afunsidwe ngati wagwira masamba onyowa kapena wapopera mankhwala, ndipo yankho lilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Chipatala chikasunga chiwerengero cha odwala otere kwa nyengo imodzi, chidzakhala ndi umboni wopita nawo ku msonkhano wounika ntchito wa boma. Ma HSA ndi anthu ogwira ntchito mongodzipereka akhoza kulemba mabanja a m'maesiteti kawiri pachaka, pofika ndi pochoka, kuti ana asaphonye katemera, mabanja asaphonye masikito, ndiponso omwe ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB apatsidwe kalata yosamukira. Uphungu wake ndi wosavuta: kudikira masamba aume, kuvala magolovesi ndi chovala chosalowa madzi, kusintha zovala zonyowa, kusamba ndi sopo, ndi kusalola ana kugwira fodya.

Zina ndi za akuluakulu. Khonsolo ya Kasungu ikhoza kulamula kuti komiti ya chipatala chilichonse chozunguliridwa ndi maesiteti ikhale ndi mpando wa ogwira ntchito m'mindayo, mogwirizana ndi bungwe lawo la TOAWUM. Unduna uyenera kuika matenda a fodya wamuwisi m'malipoti ndi m'maphunziro a azaumoyo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limapatsa komiti iliyonse mphamvu yopempha molemba kuti ione bajeti ya chipatala chake ndi chiwerengero cha anthu chomwe bajetiyo inatengera.

Ndondomeko ya 2023 mpaka 2030 yapereka chida chabwino chofunsira boma, ndipo azaumoyo ayenera kuchigwiritsa ntchito. Kufooka kwake n'kwakuti siinanene yemwe ali ndi udindo wolemba anthu oyendayenda chifukwa cha ntchito. Ku Kasungu ndondomekoyi idzayesedwa ndi lipoti la mwezi wa Febuluwale, ngati lidzathe kunena kuti m'dera la chipatala muli mabanja angati a m'maesiteti, angati anadwala chifukwa cha fodya, ndi angati anafika kuchipatala.