Phokoso Lokhala ndi Mwambo: Luso la Paul Ngozi ndi Bandi Yake

Ife amene tidakulira ku Tamanda ndi m'midzi yozungulira Chipata, makutu athu adaleredwa ndi aphunzitsi awiri amene sadali kumvana kawirikawiri. Woyamba ndiye tchalitchi, kumene atumiki a mpingo wa Dutch Reformed, chiyambire pamene adakhazika mishoni ya Magwero m'chaka cha 1899, adaphunzitsa makolo athu kuimba m'mawu anayi, mofatsa ndi mwaulemu, yense kusunga mzere wake; wachiwiri ndiye bwalo la m'mudzi, kumene ng'oma imalira kufikira fumbi litakwera, ndipo woimba saweruzidwa ndi kusalala kwa mawu ake koma ndi mphamvu imene wautsa mwa ovina. Munthu amene adamvera mphunzitsi woyamba yekha, akamva gitala ya Paul Ngozi, amagwira m'makutu nanena kuti ili ndi phokoso chabe la anyamata a m'tauni otengera Azungu. Mlandu umenewu ndiwo ndifuna kuuzenga pano, pakuti ndikhulupirira kuti bandi ya Ngozi Family, ngakhale idagwira zipangizo za kunja, idaimba ndi khutu la pabwalo, ndipo m'menemo ndimo mudagona kupambana kwake.

Paul Ngozi, amene dzina lake lenileni lidali Paul Dobson Nyirongo, adabadwa m'chaka cha 1949, nakulira m'komboni ya Chibolya ku Lusaka, pakati pa anthu ambiri amene adatsika ndi msewu wa Great East kuchokera kuno kummawa kukafuna ntchito, ndi amene chinenero chawo chidasanduka chinenero cha m'misika ndi m'mabasi a mzindawo. Pamene dziko la Zambia lidalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, iye adali mnyamata wa zaka 15, ndipo mbadwo wake ndiwo udayamba kumva zimbale za Jimi Hendrix, Black Sabbath, Deep Purple ndi James Brown, popeza mtengo wa mkuwa udali wokwera, ndalama zidali kuyenda m'matauni a migodi, ndipo masitolo adali kuitanitsa magitala amagetsi ndi zokuzira mawu. Mabandi adaphuka m'mahotela ndi m'maholo: ku Kitwe kudali WITCH ya Emmanuel Jagari Chanda ndi Amanaz, pamene Rikki Ililonga adatsogolera Musi-O-Tunya, imene idakakhala ku Nairobi m'dziko la Kenya. M'bandi yotsirizayi ndimo Paul adanolera dzanja lake asadabwerere kwawo kukamanga yake. Dzina la Ngozi adalitenga pa nsanja, chifukwa cha machitidwe ake oopsa poimba, pakuti ankafika poluma nsambo ndi mano gitala ili chilirire.

Zinthu ziwiri zidamtsegulira njira. Choyamba, pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo zosachepera 90 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale za ana a m'dziko. Tsono wailesi, imene kale idakhuta zimbale za ku London ndi za ku Congo, idasanduka yanjala, nifuna nyimbo zatsopano tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, ku Ndola kudali kampani ya Teal yodinda zimbale, ndiponso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, munthu amene adasonkhanitsa oimba achinyamata, nawajambulitsa, nawagulitsira nyimbo zawo. Motero m'chaka cha 1976 chidatuluka chimbale cha Ngozi Family chotchedwa Day of Judgement, ndipo m'chaka chotsatira chidatuluka 45,000 Volts, chimene adakachijambula ku Nairobi. Pa zimbale ziwirizi, pamodzi ndi The Ghetto chimene chidatuluka m'dzina la Paul mwini, ndi My Ancestors cha woimba ng'oma wake Chrissy Zebby Tembo, ndipo payenera kuimira chiweruzo chathu.

Tiyambe ndi gitala, popeza ndiyo imakhumudwitsa ambiri. Pakati pa gitala ndi chokuzira mawu, Paul ankaika kabokosi kachitsulo kopondedwa ndi phazi, kamene oimba amakatcha fuzz. Ntchito yake ndiyo kukuza mawu a nsambo kupyola muyeso umene waya angathe kusenza, kufikira mawuwo atasweka m'mphepete, nakhala okhakhala, onjenjemera ndi ochedwa kuzilala. Mzungu amene ankakagwiritsa ntchito adali kupandukira kuimba kosalala kwa makolo ake. Koma mwana wa kuno, pokaponda, sadali kupandukira kanthu, chifukwa makolo athu sadakondepo mawu oyera mbee opanda kanjenjemero. Taonani kalimba ya Ansenga a ku Petauke ndi ya Achewa: mmisiri akatha kusula timano take ndi kutikhazika pathabwa, amaboola chibowo namatapo kachikopa koyera ka kangaude, kuti liwu lililonse lituluke ndi kulira kwa nyenje pambuyo pake, ndipo mnyamata wopanga banjo ya chigubu cha mafuta sakhutira kufikira atakolowekapo zitsekerero za mabotolo zoti zizichita wayawaya. Chimene mmisiri wa kalimba adafuna ndi kangaude, Paul adachipeza ndi magetsi. N'chifukwa chake gitala yake, ngakhale ili yaukali, siimveka yobwereka.

Kachiwiri tione mamangidwe a nyimbo. Bandiyi pa mphamvu yake idali ya anthu atatu okha, gitala, besi ndi ng'oma, ndipo pa 45,000 Volts besiyo idali m'manja mwa Tommy Mwale. Anthu atatu alibe pobisala: palibe malipenga ophimba cholakwa, palibe limba lodzaza mipata, ndipo mmodzi akaterereka nyimbo yonse imagwa. Njira yawo idali yakuti atenge kachigawo kakafupi, ka mawu anayi kapena asanu, nakabwereza mosatopa, besi ndi gitala zikuyenda pamodzi, kufikira womvera ataleka kuwerenga nayamba kugwedezeka. Pamenepo gitala imachoka pamzere, nikalira payokha, nibwereranso pamalo pake penipeni. Amene adaimapo pabwalo la gule adziwa dongosolo limeneli, pakuti mpanje ndi zinzake zimasunga mayendedwe osasintha, kuti mbalule ipeze ufulu wolankhula ndi wovina. Ndipo pano ulemu waukulu upite kwa Chrissy Zebby Tembo, amene dzanja lake lidali lolemera koma losachedwa, wodziwa kuleka mpata pamene wina akadadzaza ndi chipwirikiti. Mutu umodzi susenza denga. Iwo amene amatamanda Paul yekha amaiwala kuti ufulu wa gitala yake udagulidwa ndi kudziletsa kwa anzake awiriwo.

Koma chimene chidasiyanitsa Ngozi Family ndi mabandi ena a nthawi ija ndicho mawu. WITCH pa zimbale zake zoyamba idaimba makamaka m'Chingerezi, ndipo idakondedwa ndi ana a sukulu za sekondale. Paul adaimba zambiri m'Chinyanja cha m'komboni, chosakanizika, chosapita kusukulu, chimene mlaliki sakadachilola paguwa, koma chimene mayi wogulitsa makala ndi kondakitala wa basi adachimva ngati chawo. Ndipo nkhani zake sizidali za maluwa ndi mwezi. Adaimba za manda a atate wake, adaimba zakuti anthu akondane, adadzudzula ulesi, adadzudzula makolo a m'komboni otaya ana ndi njala chifukwa cha mowa, ndipo m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi adachenjeza mlendo wa miseche kuti pakhomo pa mwini pafunika ulemu. Uwu ndi udindo wakale wa nyimbo pakati pathu. Mkazi amene apongozi amuzunza sapita kukawatukwana, koma amaimba pamtondo mudzi wonse ukumva, ndipo wolakwayo amadzimva yekha popanda kutchulidwa dzina. Paul adatenga udindo womwewo nauveka magetsi, kotero kuti wovina m'holo ankatuluka thukuta ali kulangizidwa, monga anena akulu kuti kalowa m'khutu kayanza mphasa.

Sindingakhale mboni yoona ndikabisa zofooka. Pamene Paul aimba m'Chingerezi, kawirikawiri mawu ake amaonda, nakhala obwerezabwereza za chikondi zimene woimba aliyense wa ku London akadanena bwino koposa. Ndipo pali nyimbo zina m'mene mthunzi wa Black Sabbath uli wautali kuposa munthu woimayo. Liwu lakenso silidali lokoma monga la Alick Nkhata, kholo la oimba a pa wailesi, ndipo nthawi zina limaphonya pang'ono pamene lidalinga. Kajambulidwe ka Day of Judgement n'kosauka: ng'oma zimamveka zouma, besi imamira, ndipo zikuoneka kuti nyimbo zidatengedwa msangamsanga. Komabe tisasokoneze umphawi wa zipangizo ndi umphawi wa nzeru. Pa 45,000 Volts, pamene adapeza nyumba yojambulira yabwinopo, dongosolo lija la anthu atatu limamveka poyera, ndipo munthu amazindikira kuti kukhakhala kuja kudali kosankha, osati kolephera.

Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mtengo wa mkuwa udagwa m'chaka cha 1975, ndipo m'zaka zotsatira ndalama zakunja zidasowa, kotero kuti nsambo, zokuzira mawu ndi zopangira zimbale zidakhala zovuta kupeza, pamene anthu wamba adayamba kusankha pakati pa chimbale ndi thumba la ufa. Nkhondo ya ku Rhodesia idawolokera m'dziko: mu Okutobala 1978 ndege za adani zidaphulitsa misasa ya omenyera ufulu ku Chikumbi ndi ku Mkushi, ndipo m'chipolowe cha ku Mkushi ndimo adafera Alick Nkhata uja. Boma lidaletsa kuyenda usiku nilamula kuzimitsa magetsi, ndipo bandi imene chakudya chake chidali madansi a usiku idatsala ndi masana okha. Kenaka kudadza disiko, yosafuna oimba amoyo, ndi makaseti ojambulidwa mwakuba. Ndipo m'zaka za m'ma 1980 mitima ya anthu idatembenukira ku kalindula wa P.K. Chishala ndi Amayenge. Paul adapitiriza kuimba, nafewetsa gitala yake kuti iyende ndi nyengo, nakhalabe wokondedwa. Koma m'chaka cha 1989 adamwalira ali ndi zaka 40 zokha. M'zaka zomwezo mliri wa Edzi udakolola oimba ambiri a mbadwo umenewo, kotero kuti mwa amene adayambitsa WITCH adatsala Jagari Chanda yekha.

Kukwera kwachiwiri kudadza mwini atagona kale. Zimbale zakale zija, zimene kuno zidatayidwa m'makatoni ndi kudyedwa ndi dzuwa, zidayamba kufunidwa ndi osonkhanitsa nyimbo a ku Ulaya ndi ku America, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, motsogozedwa ndi Eothen Alapatt, idazidindanso mwatsopano, nitulutsanso m'chaka cha 2017 msonkhanitso wotchedwa Welcome to Zamrock. Jagari Chanda, amene adakhala zaka zambiri akuphunzitsa ndi kukumba miyala ya mtengo wapatali, adabwerera pa nsanja, ndipo WITCH idatulutsa chimbale chatsopano, Zango, m'chaka cha 2023. Ndipo mu Okutobala 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatenga chigawo cha Nizakupanga Ngozi nachiika m'nyimbo yake ya Noid, pa chimbale cha Chromakopia chimene chidafika pamwamba penipeni pa mndandanda wa Billboard. Motero liwu la mwana wa ku Chibolya, likulankhula Chinyanja chathu, lidamveka kwa anthu miyandamiyanda amene sadziwa kumene kuli Lusaka. Chofunika kuchisunga m'mtima n'chakuti mwa zonse zimene Paul adajambula, mlendoyo sadasankhe nyimbo ya Chingerezi yofanana ndi za kwawo, koma adasankha ya chinenero chathu ndi ya mwambo wathu wa pakhomo.

Apa ndipo pali phunziro kwa anyamata ndi asungwana a ku Kapata, ku Mchini ndi ku Navutika amene lero akupanga nyimbo pa kompyuta. Chipangizo chachilendo sichidetsa nyimbo, monganso chipangizo cha makolo sichiiyeretsa. Chimene chimaweruza ndicho khutu la wochigwira ndi uthenga umene wasenza. Paul Ngozi adabwereka kabokosi ka fuzz kwa Hendrix, koma kanjenjemero, kubwereza, ndi udindo wa kulangiza adazitenga kwa anthu ake, ndipo pamene adakhulupirika kwa zimenezi ndi pamene ntchito yake idapirira zaka pafupifupi 50. Mzinda wa Lusaka udamlemekeza pomutcha msewu ku Kabwata. Koma ulemu woyenera woimba ndiwo kumumvera. Tsono ndipempha inu a mawailesi a kuno kwathu, a Breeze FM ndi anzanu, inu aphunzitsi a nyimbo m'sukulu zathu, ndi inu akuluakulu amene mukali ndi zimbalezi pansi pa bedi: zitulutseni, zipukuteni fumbi, ndipo muwaimbire ana 45,000 Volts kuyambira poyamba kufikira potsiriza, kuti adziweruzire okha ndi makutu awo.